Chigongono

Mbandakucha. Asilikali a ku Cobbe akuthamanga mumsewu,
nyimbo pakamwa, majombo ali di, di, di.
Ine ndadzambatuka kale, nsapato kumanja,
ndikufufuza pasipoti pansi pa pilo.
Asiyatu akutembenuka:
"Gonani, bambo, kuno ndi ku Zomba."
Mutu wamva.
Miyendo ndiyo sinamve.

Zaka zisanu ndi chimodzi ku Joni
zinandiphunzitsa masamu amene ku Masongola kunalibe.
Ndalama uzigawa patatu:
zenizeni mu sokosi,
zokwerera m'thumba la malaya,
zotsalazo ndi za wakuba,
angapse mtima atakupeza uli chimanjamanja.
Mafoni awiri: ina yolankhulira ndi amayi,
ina yosweka galasi, yongopereka.
M'takisi ndinkakhala duu ngati wosalankhula chibadwire,
poti lilime ndi chiphaso chosabisika.
Ndinaloweza dzina la chigongono m'chiyankhulo cha eni dziko,
kulibwereza posamba, kulibwereza pogona,
chifukwa mphekesera inkati akakuimika pamsewu
amangoloza apa, n'kunena kuti: tchula.

Palibe anandilozapo.

Izi ndiye a pabawo ku Chinamwali safuna kumva.
Iwo amafuna moto, matayala, zibonga,
zija anaonera pafoni ya Mpatsa wometa.
"Twaibu, tanena, mitembo unaona ingati?"
Ndikati umodzi, wa munthu wogundidwa ndi lole,
amagwa ulesi n'kubwerera ku nkhomo zawo.
Ndikati sabata ya chipwirikiti ija
mayi woyandikana naye nyumba, mwini dziko,
anandibisa kuseri kwa filiji masiku atatu,
akundipatsira tiyi ndi buledi,
akuuza anyamata pakhomo
kuti muno muli mdzukulu wa chifuwa chachikulu,
amaseka chikhakhali: "Ameneyo ankafuna banja!"

Komatu musandimve molakwa.
Sitolo ya Msomali pakona inapsadi,
phulusa lake ndinaliponda ndi nsapato zomwezi.
Mpeni sunandilase,
koma nsonga yake ndinkagona nayo pakati pa mapewa,
ndipo pa Mwanza, pochita chipikisheni,
palibe anandilanda.
Ndinalowa nayo.

Nanga dzino ili?
Aliyense amati ndinalisiya ku Joni.
Ayi ndithu. Linatsala pamlatho wa Likangala
ndisanalote n'komwe za ulendo,
usiku umene anyamata atatu a Chichewa chosalala
anasirira njinga ya malume.
Mmodzi ndimamudziwa.
Pano amapalasa kabaza ku Matawale,
timapatsana moni, amafunsanso za ana.

Amayi ankaimba Lachisanu lililonse:
"Mwanawe, bwerako, kumeneko n'kwa zilombo."
Pobwera ndinapeza chikwanje pansi pa mphasa yawo,
wezulo ili lende pamsomali,
mawindo atakuluwika zitsulo
zogulidwa ndi ndalama za kwa zilombo zomwezo.
Ndipo mayi wa filiji uja, pondiperekeza,
anandigwira mkono, misozi ili mbwee:
"Kwanuko si komwe amati kuli anamapopa?"

Phiri langoti chete, lafunda nkhungu yake.
Silinandifunse kanthu.

Dzulo kumsika ndinaima pagolosale ya Mburundi,
Niyonzima, uja sakana ngongole.
Panja anyamata anayamba kukangana za mpira,
za mpira basi,
mawu akukwera, wina n'kumenya lata.
Ndinaona maso ake akuthawira kukhomo,
dzanja likutsikira ku sokosi,
ndipo Chichewa chake, chimene amachithyola mosangalala masiku onse,
chinazima ngati magetsi.
Anayamba kundilozera mitengo ndi zala.

Ndinafuna kumuuza kuti,
khazika mtima pansi, m'bale, kuno ndi ku Zomba.
Mawu anakakamira pakhosi.
Ndinatsamira chigongono pakauntala pake
mpaka phokoso litatha,
kenaka ndinagula sopo
amene kunyumba analipo kale.